Samusa ya nyama izikhala ndi nyama

Pa geni ya zokazinga palibe bodza lofala ngati la samusa. Wogulitsa akuitanira kuti "ya nyama, ya nyama", munthu akupereka ndalama yake, akaluma kona yoyamba akupeza mpweya, kona yachiwiri anyezi, ndipo nyamayo akaipeza ndiye kuti ndi kachidutswa kamodzi kobisala m'kabichi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuchokera pa depoti ya Mangochi, kudutsa pa Namiasi ndi Makawa mpaka ku Monkey Bay, mchitidwewu wazika mizu moti ogula ena anasiya kudandaula, anangosiya kugula. Amenewa ndiwo ayenera kutidetsa nkhawa ife a geni, chifukwa kasitomala wodandaula amabweranso mawa, koma wongokhala chete ndiye kuti wapita.

Chimene chinatifikitsa pamenepa tonse tikuchidziwa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mafuta ophikira, fulawa ndi nyama zonse zinakwera, koma m'thumba mwa wakabaza ndi mwana wa sukulu simunasinthe kanthu. Mayi wa samusa anali ndi njira ziwiri: kukweza mtengo kapena kuchepetsa nyama. Ambiri anasankha yachiwiri poti siioneka ndi maso, mtanda umabisa zonse. Sindikuwaweruza amayiwa, mpamba wa ngongole ya banki m'khonde sudikira munthu. Koma ndikunena kuti pali njira yachitatu, ndipo ukawerengera bwino ndiyo imasiya ndalama m'thumba: kugulitsa zinthu ziwiri, chilichonse ndi dzina lake lenileni ndi mtengo wake.

Tione kaye za anzathu a ku Mexico, kumene chimanga chathuchi chinachokera. Kumeneko chakudya cha pamsewu chotchuka ndi taco: kamkate kopyapyala kozungulira, kotchedwa tortilla, kamene amakapinda pakati n'kuikamo nyama, anyezi, tsabola ndi madzi a mandimu. Imodzi mwa nyama zimene amaikamo ndi picadillo, nyama ya ng'ombe yogaya yophikidwa ndi anyezi, adyo, matimati ndi kachewere woduladula. Kachewereyo sabisidwa. Aliyense amadziwa kuti mu picadillo mumakhala mbatata, ndipo palibe amene amamva kuti wabedwa. Ku America anatenga chakudya chomwechi, n'kuchisandutsa bizinesi yaikulu: Glen Bell anatsegula Taco Bell mu 1962 ku California, akugulitsa nyama yogaya yothira zonunkhiritsa m'kamkate kouma. Chinthu chimodzi chimene taco imaposera samusa yathu n'chakuti ndi yotsegula. Wogula amaona chimene akulipira asanalume.

Choncho vuto si kachewere, si kabichi, si nyama ya soya. Vuto ndi dzina limene tikuitanira.

Tiyeni tiwerengere. Mitengo imene ndiike apa ndi yongoyerekezera kuti masamu aoneke. Inu muikemo ya pamsika panu sabata ino. Tinene kuti kilo ya nyama mwagula K12,000. Anyezi, adyo, jinja, tsabola ndi zonunkhiritsa K2,500. Fulawa K3,500, mafuta K4,000, makala K2,000, ndipo chiphaso cha msika, kabaza ndi zokulungira K1,000. Zonse pamodzi K25,000. Apa pali chinthu chimene ambiri amaiwala: kilo ya nyama yaiwisi siikhala kilo ikapsa. Madzi amauma, mafuta amasungunuka, ndipo mumatsala ndi magalamu a pakati pa 700 ndi 750. Mukaphatikiza anyezi wokazinga mumapeza pafupifupi kilo imodzi ya zoika m'kati. Samusa iliyonse ikalandira supuni imodzi yodzaza, magalamu ngati 20, mutulutsa samusa 50. Ndiye kuti iliyonse yakudyerani K500. Mukaigulitsa K500 mwagwira ganyu yaulere tsiku lonse, utsi wokhawokha. Mukaigulitsa K700 mupeza K35,000, phindu K10,000.

Tsopano kilo yomweyo tiwonjezeremo magalamu 600 a kachewere wophika. Zoika m'kati zafika kilo imodzi ndi magalamu 600, samusa 80. Kachewere K1,500, fulawa wowonjezera K2,000, mafuta K2,000, makala K500. Mpamba wafika K31,000. Samusa iliyonse yakudyerani pafupifupi K390. Pa K500 mupeza K40,000, phindu K9,000. Mwaona? Phindu likufanana pafupifupi, popanda kunamiza munthu. Wa K500 akudya "yosakaniza" akudziwa, wa K700 akudya "ya nyama" ndipo nyamayo akuimva m'kamwa. Kuti musamasokoneze, yosakanizayo ipindeni mosiyanako kapena iikeni m'beseni lake. Amene amathira kabichi wodzaza dzanja mu theka la kilo n'kutulutsa samusa 100 amaoneka ngati wapambana sabata yoyamba, koma pofika mwezi wachitatu amakhala akubwerera kunyumba ndi theka la beseni, n'kumati malonda avuta. Samusa yogona ndi mpamba wowola.

Wina anena kuti kuno kulibe munthu wolipira K700 pa samusa imodzi pamene chitumbuwa ndi mandasi zili pambali pomwepo pa mtengo wotsika. Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo pa geti la sukulu ya pulayimale ndi oona ndithu. Kumeneko pitani ndi yosakaniza kapena ya kachewere yekha. Koma boma la Mangochi si geti la sukulu lokha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'bomali. Muli ogwira ntchito m'maofesi pa boma, madalaivala a pa msewu wa Liwonde ndi wa Chiponde, ogula nsomba amene amabwera ndi ndalama m'matumba kudzapikula usipa m'madoko, mabanja amene ana awo amatumiza ndalama kuchokera ku Joni, alendo a m'malo ogona a ku Nkopola ndi ku Cape Maclear. Anthu amenewa ndalama ali nayo. Chimene alibe ndi chikhulupiriro chakuti zimene akuuzidwa n'zimene zili m'kati.

Chikhulupirirocho chimayambira ku butchala, ndipo apa ndiima pang'ono.

Musagule nyama yogaya imene mwaipeza itagayidwa kale m'mbale, osadziwa kuti anagaya liti komanso anagaya chiyani. M'nyama yogaya ndi mmene mumathera zotsala za dzulo, mitsempha ndi mafuta amene anakanidwa ndi ogula ena. Sankhani nyama nokha, muione mtundu wake, muinunkhize, ndipo aigaye inu mukuona. Ngati butchala wanu alibe makina, kachigayo ka nyama kopukusa ndi manja kamabweza ndalama yake msanga. Apo ayi, mipeni iwiri yakuthwa ndi thabwa loyera zimagwira ntchito yomweyo, kungoti zimadya nthawi. Musataye ndalama pogaya steki. Nyama ya pakhosi, paphewa ndi pachifuwa ndiyo yabwino kugaya, imakoma kwambiri ndipo kawirikawiri mtengo wake umakambika. Mafuta akhalemo pang'ono, gawo limodzi mwa magawo asanu: akachepa nyama imauma ngati utuchi, akachuluka mwalipira mtengo wa nyama pa chinthu chimene chisungunuke m'chiwaya. Funsaninso chidindo cha a zaziweto pa nyamayo. Ng'ombe yophedwa usiku kuseri kwa nyumba imatchipa, koma mwina inafa yokha, mwina ndi yobedwa, ndipo tsiku limene apolisi adzafunse adzayambira pa beseni lanu.

Ndiye pali nkhani ya halaal. Anthu ambiri m'boma lino ndi Asilamu, ndipo wogulitsa amene saganizira zimenezi wadzitsekera yekha msika waukulu, kaya iye amapemphera kuti. Nyama ikhale yozinga mwa malamulo a Chisilamu, ndipo muzitha kutchula butchala amene munagulako popanda kuzengereza. Bungwe la Muslim Association of Malawi lili ndi nthambi yoona za halaal imene imapereka ziphaso ku malo ophera ndi ogulitsira nyama; ngati butchala wanu ali nacho, chimenecho ndi chida chanu chotsatsira malonda. Koma kuzinga kokha sikukwanira. Makina amene agayiramo nkhumba m'mawa sangagaye nyama yanu masana, chimodzimodzi mpeni, thabwa ndi mafuta a m'chiwaya. Kunamiza munthu pa kabichi n'kumubera ndalama. Kumunamiza pa halaal n'kumulakwira pa chikhulupiriro chake, ndipo nkhani yotere ikamveka pa mzikiti Lachisanu, geni yatha tsiku lomwelo.

Kaphikidwe nako kamadya kapena kusunga ndalama. Ambiri amathira kilo yonse m'chiwaya chosatentha bwino, nyama n'kutulutsa madzi, n'kumawira m'malo mokazingika. Imatuluka yotuwa, yosanunkhira, ndipo wophika amayamba kuithamangitsa ndi mchere ndi timakyubu ta supu. Tenthetsani chiwaya kwambiri, mafuta supuni ziwiri zokha, ikani theka la nyama, muisiye kaye osaitakasa mpaka pansi pafiire, kenaka muziiphwanya ndi mthiko kuti isaundane. Kufiira kumeneko ndiko kukoma kumene anthu amati "ya nyama zenizeni", ndipo sikugulidwa m'paketi. Mukamaliza theka lachiwiri, kazingani anyezi m'mafuta otsalawo mpaka afewe, onjezani adyo ndi jinja wosinja, kenaka zonunkhiritsa. Zonunkhiritsa za ufa zimafuna kukhudza mafuta otentha kwa kanthawi kochepa, theka la mphindi, kuti zidzuke. Mukazithira pamwamba pa nyama yakupsa kale zimamveka ngati fumbi. Zikapserera zimawawa, choncho maso akhale pa chiwaya.

Pa kilo imodzi ine ndimalimbikitsa anyezi akuluakulu atatu kapena anayi, adyo mano asanu ndi limodzi, jinja wotalika ngati chala chachikulu, mchere masupuni a tiyi awiri, ndi cumin masupuni a tiyi awirinso. Cumin ameneyu, amene m'mashopu a amwenye amati jeera, ndiye amapatsa taco ya ku America fungo lake, ndipo ndi yemweyo amene amamveka mu samusa yabwino ya ku Limbe kapena ku Zanzibar. Gulani wa njere, mukazinge pouma, musinje nokha mu kamtondo. Wa m'timapaketi tating'ono amatha fungo msanga ndipo pa kilo amadula kwambiri. Tsabola wa kambuzi (ndikunena tsabola, osati kansomba ka ku Malombe) ali ndi fungo limene ndi lathu lathu, koma musamuthire wambiri m'kati. Ana ndi odwala zilonda za m'mimba nawonso ndi makasitomala. Muikeni pambali m'kabotolo, wofuna adzithirira yekha. Pomaliza penipeni, chiwaya chitachoka pamoto, finyiranimo ndimu imodzi ndi anyezi wa masamba woduladula.

Ya samusa iume ndithu, pasatsale msuzi, apo ayi mtanda umanyowa, umaphulika m'mafuta, ndipo mafuta a K4,000 aja amada tsiku limodzi. Iziziritseni musanapinde, koma muiziziritse mofulumira: iyaleni pa thireyi yotakata, muvundikire ndi kansalu koyera chifukwa cha ntchentche. Musaisiye mu poto wovundikira kuti izizire yokha mpaka madzulo.

Nkhani ya kuzizira ndi kutenthayi si yaukhondo wa m'mabuku chabe. Nthuli ya nyama imakhala ndi tizilombo kunja kwake, ndipo moto umatipha msanga. Mukaigaya, tizilombo timene tinali kunja timalowa paliponse, n'chifukwa chake nyama yogaya imaonongeka mofulumira kuposa nthuli, ndipo iyenera kupsa mpaka m'kati, pasaoneke pofiirira ngati magazi. Akatswiri a zachakudya amati ifike madigiri 71. Mu 1993 ku America ana 4 anamwalira ndipo anthu oposa 700 anadwala atadya nyama yogaya yosapsa bwino ya m'malo odyera a kampani imodzi. Kumeneko n'kumene kuli mafiliji ndi magetsi osathima. Nanga kuno? Tizilombo timaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo malangizo odziwika ndi akuti chakudya cha nyama chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, kapena ola limodzi kukatentha kupyola madigiri 32. Aliyense wokhala ku Mangochi akudziwa mmene Okutobala ndi Novembala amakhalira kuno. Samusa yokazingidwa 5 koloko m'mawa, n'kutsekeredwa m'ndowa ya pulasitiki padzuwa mpaka 4 koloko madzulo, yakhala maola 11 pamalo amene tizilombo timakonda.

Chochita chake sichovuta koma chimafuna kusintha chizolowezi. Gulani nyama m'mawa wa tsiku lomwelo ndipo muiphike mukangofika nayo. Kazingani kawiri kapena katatu pa tsiku m'malo mokazinga zonse kamodzi. Amene ali ndi mbaula pamalo pomwe akugulitsira ali ndi mwayi, chifukwa fungo la samusa ili m'mafuta limaitana anthu kuposa kukuwa. Tisaiwale zimene tinaona mu 2022 ndi 2023, pamene kolera inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Mangochi ali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Matenda otere akabuka, akuluakulu a zaumoyo amayamba ndi ife ogulitsa zophikaphika, ndipo chiletso chikabwera sichisankha waukhondo ndi wauve. Chigubu cha madzi othira klorini, sopo, ndi chopanira kapena foloko yotengera samusa m'malo mwa zala zimene zangogwira ndalama, ndi zinthu za mtengo wochepa poyerekeza ndi mwezi wathunthu wokhala pakhomo. Ndipo musakulungire chakudya cha mafuta m'nyuzipepala, ngakhale ino imene mukuwerengayi. Inki si ndiwo.

Tibwerere kwa a ku Mexico aja, poti pali malonda amene ndikuona kuti tikuwasiya pansi. Nyama yomweyo ya samusa, mukaisiyira kamsuzi pang'ono ka matimati, ikhoza kugulitsidwa yotsegula: chapati yaing'ono yopyapyala, masupuni awiri a nyama, anyezi ndi matimati odula, kagawo ka peyala nyengo yake ikakwana, ndimu pamwamba, n'kupinda pakati. Musavutike kuyesa kupanga tortilla ndi ufa wathu woyera kapena mgaiwa, idzangosweka m'manja. Anzathuwo chimanga chawo amayamba achiphika ndi laimu asanachipere, n'chifukwa chake mtanda wawo umagwirana. Koma kumpoto kwa Mexico komweko amadya tortilla ya tirigu, imene siisiyana kwenikweni ndi chapati amene amayi ambiri kuno amaidziwa kale. Ku Uganda anyamata anapinda mazira m'chapati n'kuitcha rolex, lero ili pa ngodya iliyonse ya Kampala. Palibe chifukwa choti nafenso tisapeze dzina lathu.

Ubwino wake pa masamu ndi wakuti simumiza kanthu m'mafuta, ndiye chinthu chodula kwambiri pa geni ya zokazinga chachepa. Kilo ija ya zoika m'kati, pa magalamu 40 iliyonse, ikupatsani zopinda 25. Mpamba ukakhala K23,000, chimodzi chakudyerani K920, ndipo pa K1,400 phindu ndi K12,000. Ndi chakudya chokhutitsa, cholimbana ndi mbale ya chipisi osati ndi mandasi. Kuipa kwake ndi kwakuti nyama iyenera kukhala pamoto nthawi yonse, ndiye makala adya ambiri, komanso anyezi ndi matimati aawisi ayenera kutsukidwa ndi madzi otetezedwa. Nyengo ya dzinja ndi bwino kungowakazinga. Si malonda oyenda nawo pamutu. Ndi a munthu amene ali ndi benchi yake pamalo podutsa anthu madzulo, monga pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pa siteji ya Monkey Bay kapena m'mudzi wa Chembe, kumene alendo ambiri taco amaidziwa kale ndipo sadzafunsa kuti n'chiyani. Yambani ndi theka la kilo kwa sabata imodzi muone.

Ng'ombe ikadula kapena ikasowa, monga zimachitikira boma likaletsa kuyendetsa ziweto chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi ku Chikwawa ndi Nsanje, mbuzi ilipo yambiri kuno ndipo imagayika bwino lomwe. Ingofunika jinja ndi adyo wowonjezera. Koma munene kuti ndi ya mbuzi, chifukwa alipo anthu amene sadya mbuzi pa zifukwa zawo.

Kalendala nayo muziiyang'ana. M'mwezi wa Ramadani malonda a masana amagwa, koma ola limodzi dzuwa lisanalowe aliyense amafuna samusa yomasulira, ndipo munthu amene wasala tsiku lonse sakhululuka akaluma mpweya. Nthawi imeneyo kazingani kuyambira cha m'ma 4 koloko, ndipo landirani maoda a mabanja dzulo lake kuti mudziwe makilo ogula. Mweziwu umabwera msanga ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, choncho funsani kwa ashehe a kwanuko m'malo modalira tsiku la chaka chatha. Sabata ya Idi ya nsembe ndi yosiyana: nyama imagawidwa m'midzi yambiri, nyumba iliyonse ili ndi yake, ndiye chepetsani ya nyama, muchulukitse ya kachewere. Nyanja ikatsekedwa mu Novembala ndalama imachepa m'madoko monga Makawa ndi Malindi, ndipo kumeneko yosakaniza ya mtengo wotsika ndiyo iyende. Ya K700 ija muisungire pa boma ndi masiku a malipiro, kuyambira pa 25 mpaka kumayambiriro a mwezi.